Katenti Koyera ndi Mgolo wa Che Amidu

Kumapeto kwa zaka za m'ma 1960

Ana anga, za ubwana wanga mukafunse azakhali anu a ku Malindi, poti iwo amakumbukira ngakhale tsiku limene ndinagwa mumtengo wa mango. Ine ndiyambira pamene ndinavala khaki koyamba, nditalembedwa ntchito yobaya katemera wa nthomba pa boma la Mangochi. Inu nthomba simuidziwa, ndipo muzithokoza Mulungu. Inali nthenda yoti ikalowa m'mudzi makasu a kumanda sankapuma, ndipo wopulumuka ankatsala ndi nkhope yodyekadyeka moyo wake wonse. Katemera wake anali waufa, wa m'timabotolo, wosaopa kutentha. Ukamusungunula umaviika kasingano ka mano awiri, n'kubayabaya pamkono, basi yatha. Ntchitoyo inali yosavuta. Chovuta chinali kufika kumene kuli mikonoyo.

Bwana wanga woyamba anali a Kaponda, oyang'anira za umoyo, munthu wamfupi wosakonda zolankhulalankhula. Akakwiya sankakalipa ayi, ankangovula magalasi n'kuyamba kuwapukuta. Tonse tinkadziwa kuti mpango ukatuluka m'thumba, zinthu zavuta. Pa ofesipo chilichonse chinali chosowa. Galimoto yathu inakhala pamiyala chaka chathunthu kudikira matayala, mpaka nkhuku za mlonda zinayamba kuikiramo mazira. Njinga zinalipo ziwiri, koma njinga pamchenga wa kunyanja ndi katundu, imakukwera ndi iyo.

Lolemba lina a Kaponda anatisonkhanitsa, mpango uli kale m'manja. Anati nthomba yamveka kutsidya kwa malire, ndipo midzi ya asodzi ya kum'mawa kwa nyanja, njira ya ku Makanjira, iyenera kubayidwa yonse mvula isanagwe, chifukwa mitsinje ikadzaza kumeneko sikupitika. Kale ulendo wotero unkafuna anthu asanu, mmodzi wobaya ndi anayi onyamula tenti. Lamulo linali lakuti wobaya katemera asagone m'nyumba za anthu, kuopa kunyamula nthenda m'zovala kuchoka mudzi uwu kupita nayo mudzi wina. Tsopano onyamula katundu anali atawachotsa. Anzanga achikulire onse anayang'ana pansi ngati ataya singano. Ine mtima unali phaphapha, osati ndi mantha, koma ndi chimwemwe. Ndinangomva pakamwa panga patuluka mawu: "Bwana, ndipita ndekha."

Anavala magalasi n'kundiyang'ana kuyambira kumutu mpaka kunsapato. "Iwe Barnaba, tenti uinyamula ndi chiyani, ndi pakamwa pakopo?" Anzanga anaseka. Kenako anati, "Chabwino. Pita kwa Che Bwanali ukasankhe imene ungaithe. Koma imva bwino. Ndi katundu wa boma, ibwere monga yapitira. Ntchito yako sinakhazikike, usaiwale." Ndinayankha kuti ndamva, koma miyendo inali itayamba kale kuthamanga.

Julaye, mwera ukuomba

Che Bwanali anali osunga katundu wa ofesi, Msilamu wa kwa Mponda, wandevu zoyera, wochita zonse mosapupuluma. Anatulutsa matenti atatu n'kuwayala pabwalo. Yoyamba inali yaikulu yobiriwira ija ya anthu anayi. Ndinayesa kuidzutsa, msana unalira, ndipo Che Bwanali anati, "Imeneyo achimwene ikakufikitsani pa pantoni yoolokera Shire pokha, kenako tikakutengani pamachira." Yachiwiri inali yapakatikati, yotsala kwa asilikali. Kulemera kwake kunali kopiririka, koma nditailozetsa kudzuwa ndinaona nyenyezi masana, timabowo ta njenjete paliponse, ndiponso inalibe nsalu yapansi. Yachitatu inali m'kathumba kotalika ngati mkono wanga. Inasiyidwa ndi dokotala wina wachizungu wokonda kukwera mapiri, amene anabwerera kwawo. Nditamasula chingwe munatuluka nsalu ya thonje yopyapyala, yolukidwa mothina, yoyera mbee! Munali timizati tiwiri tachitsulo topepuka tolumikiza, zikhomo, nsalu yapansi yosokerera, ndi khomo la ukonde wotchinga udzudzu. Ana inu, ndinakakonda katenti kameneko ndisanakadzutse n'komwe.

Koma sindinafune kuti chikondi chindipusitse, choncho ndinakayesa monga amayesera bwato asanagule. Ndinathamanga nako kuchipatala n'kukaika pa sikelo yopimira ana. Namwino anayang'ana muvi wa sikelo n'kunena kuti, "Mwana wanuyu ali ngati wa miyezi iwiri, akuyamwa bwino?" Ndinabwerera n'kukadzutsa ndekha, popanda wondigwirira, Che Bwanali akuyang'ana wotchi. Ulendo woyamba kanandigwera kumutu, wachiwiri kanaima chopendekeka, wachitatu kanaima nji, madzi a tiyi asanawire. Ndinalowamo n'kugona chagada kuti ndione ngati mapazi atulukire kunja. Sanatulukire, ndipo kumutu kunatsala malo a bokosi la katemera. Kuimirira munalibe, ngakhale kukhala tsonga mutu unkakhudza denga, koma ndani amapita kuthengo kukaimirira m'tenti? Ndinapempha mlonda kuti athire ndowa ya madzi ine ndili mkati. Madzi anatsetsereka osadontha. Ndiye ndinakatembenuzira kumwera, kumbuyo kwake kotsika kuloza kumene mphepo ikuchokera, ndipo mwera unangodutsa pamwamba. Ndinatuluka ndikuvina, ine munthu wa khaki, pabwalo la boma.

Che Bwanali sanavine. Anayenda mozungulira katentiko, manja kumbuyo, akugwedeza mutu. "Kupepuka n'kopepuka," anatero. "Koma yoyerayi, achimwene? Yaitali chonchi, yotsika chonchi, kumene mukupitako?" Ine ndinawadula pakamwa. "Ambuje, yoyera ndiye yabwino, siitentha, ndipo za chipatala zonse n'zoyera." Anatsegula pakamwa, n'kutsekanso. "Basi, Mulungu akutsogolereni," anatero. Akuluakulu anati safunsa anadya phula. Ine ndinali woposa safunsa, poti munthu anayamba yekha kundiuza, ine n'kumuletsa.

Ogasiti, paulendo

Ndinaoloka Shire pa pantoni m'mawa, chikwama kumsana, katenti nditakamangirira pamwamba, bokosi la katemera pachifuwa, khadi la chipani m'thumba la malaya, poti masiku amenewo wopanda khadi ngakhale pantoni sankakwera. Sindinayambe ndamvapo ufulu wotero. Nyumba yanga yonse inali pamsana panga! Ndikatopa ndinkangoyang'ana pamalo pouma, pokwera pang'ono, patali ndi njira za mvuu, n'kunena kuti lero kwathu ndi pano. Midzi yoyamba inali ya kwathu, ya pafupi ndi mishoni, ndipo kumeneko katenti kanali chisangalalo. Anthu ankabwera kudzaona, ena kupempha kulowamo, ndipo potuluka ndinkawagwira mkono n'kuwabaya. Amayi anga atakaona anati, "Barnaba, sukulu yonse ija kuti uzigona m'thumba la ufa?" Koma anakasisita, ndipo ndinaona kuti akunyadira.

Pa sabata yachiwiri ndinafika pamudzi waukulu wa asodzi, wa Asilamu okhaokha. Dzina lake sinditchula, poti adzukulu awo alipo ndipo ena mumawadziwa. Ndinafika anthu ali kunyanja ndi kuminda, ndinakaonetsa makalata kwa tcheyamani wa chipani, ndipo anandilozera mtengo waukulu wa pafupi ndi mzikiti kuti ndidzabayire pamenepo. Ndinadzutsa katenti kanga pamchenga woyera bwino, ndikuimba mluzu. M'mawa mwake ndinamva mapazi ndi kulira kwa ndowa, amayi akupita kukatunga madzi. Mapaziwo anaima. Ndinati ndiwapatse moni, ndipo potuluka m'katenti kotero munthu amatsogoza miyendo. Miyendo itangotuluka, kunamveka mfuu woti mpaka lero ndimaumva. Ndowa zinagwa, amayi anabalalika ana ali kumsana. Ndinatsala nditagwada pamchenga, ndikuti, "Salaam aleikum," kwa ndowa.

Tsiku limenelo sikunabwere munthu. Ndinayala singano zanga, ndinasungunula botolo limodzi, linangoonongeka. Tsiku lachiwiri chimodzimodzi. Ndikayenda m'mudzi zitseko zinkatsekeka patsogolo panga, ndipo ana ankawakokera m'nyumba. Chimwemwe chonse chija chinauma. Ndinakhala pansi pa mtengo uja ndikuwerenga masiku otsala mvula isanagwe, ndikuganiza za ana onse amene ndinawaona akusuzumira m'mipata ya mipanda, mikono yawo yosalala yopanda chipsera.

Masana a tsiku lachiwirilo kunabwera tcheyamani, nkhope ili gwaa. "Adokotala, anthu awa akuchititsa manyazi nthambi yanga. Mawa ndiitana achinyamata a chipani. Aliyense abwera, wokana ndiye kuti akukana boma." Ana anga, masiku amenewo tcheyamani sankayankhidwa kuti ayi. Anthu ankasowa chifukwa cha mawu ochepa kuposa amenewo. Koma ndinkadziwanso chimene chingachitike. Asodzi sathamangitsidwa. Akanangokweza ana m'mabwato n'kupalasa, ena kuthawira kumapiri a kumalire, kumene kunali nthombako, ndipo mbiri ikananditsogolera midzi yonse yotsala. Ndinavula chipewa n'kunena kuti, "A tcheyamani, mphamvu zanu ndikuzidziwa. Koma achinyamata akabwera, ku boma kukamveka kuti mudzi uno unachita kukokedwa. Ndipatseni tsiku limodzi. Akabwera okha, lipoti langa likanena kuti nthambi yanu ndi yomvera." Anandiyang'ana nthawi yaitali. "Tsiku limodzi," anatero, n'kuchoka.

Kugombe kunali nkhalamba ina imene sinandithawe, ikusoka khoka pafupi ndi mgolo wofuka nthunzi. Dzina lawo linali Che Amidu. Asodzi ambiri anali atayamba makoka a nailoni, koma iwo anakakamirabe a thonje, ndipo ankawanyika m'madzi owiritsa ndi makungwa a mitengo kuti asaole. Manja awo anali ofiirira mpaka m'zigongono. Ndinawapatsa moni n'kukhala pansi, ndipo ndinafunsa mosazungulira: "Ambuje, ndalakwa chiyani?"

Anaseka mpaka kutsokomola. "Mwati kwanu n'kuti?" Ndinati ku Malindi. "Ndiye mwakula nafe, mwanangu. Maliro athu simunawaonepo? Tayang'anani chinthu chanucho." Ndinatembenuka. Katenti kanali apo pansi pa mtengo, kotalika ngati munthu wogona, kotsika, koyera ngati nsanda, pafupi ndi khoma la mzikiti. Linali jeneza, chonyamulira maliro chija amachifunditsa nsalu, limene ndinaliona likudutsa pakhomo pathu kambirimbiri ndili mwana. "Boma latitumizira jeneza," anatero Che Amidu, "ndipo m'mawa mwatuluka munthu, miyendo patsogolo, atanyamula singano. Inuyo mukanapereka mwana wanu?"

Ndinati ndikapinda pompano n'kukabisa m'chikwama. Anapukusa mutu. "Aona kale. Mukabisa anena kuti mwasunga kuti mudzatulutse ntchito ikatha. Chinthu chimene chaopsa anthu poyera chiyenera kusintha poyera." Atatero analoza mgolo uja ndi chibwano. Ndinamva mawu a a Kaponda m'khutu ngati ali pomwepo: ibwere monga yapitira. Kuononga katundu wa boma unali mlandu wochotsetsa ntchito, makamaka kwa ine wosakhazikika, ndipo utoto wa makungwa suchoka ngakhale uchape chaka. Kubwerera ku boma kukatenga tenti ina kunali masiku ambiri, pamene tcheyamani anandipatsa limodzi. Ndipo ndisaname, ndinkakakonda kuyera kwakeko. Ndinayang'ana nthunzi ya mumgolo. Kenako kamtsikana kena, kamdzukulu ka Che Amidu, kanasuzumira kuseri kwa bwato n'kubisalanso. Ndinaimirira. "Ambuje, sonkhezani moto."

M'mawa mwake, dzuwa litakwera, nthawi imene mabwato amabwera ndipo gombe limadzaza, ndinazula zikhomo. Katenti sindinakapinde ayi, ndinakakoka pamchenga anthu onse akuona, kuchoka kumzikiti mpaka pamgolo. Che Amidu anakuwa m'Chiyao kuti adokotala abwera kudzanyika khoka lawo. Tinakaviika. Mayo ine, mtima unandipweteka pamene kuyera kuja kunkamira! Tinavundula ndi nkhafi, tinakatulutsa, tinakaviikanso. Amuna anayamba kusendera, poti msodzi sangaone mnzake akunyika molakwika n'kukhala chete. "Mwafulumira kutulutsa!" "Onjezani makungwa!" "Adokotala, khoka lopanda maso ligwira chiyani?" Wina anandilanda nkhafi n'kunena kuti ndikuvundula ngati mwana wa sukulu. Pofika masana katenti kanali kayanikidwa pakati pa makoka, kofiirira ngati iwo, kamawangamawanga, ndipo khaki yanga ndi manja anga zinali chimodzimodzi. Amayi anali ataima chapatali, akuseka chogwira pakamwa.

Katauma ndi mwera, ndinakadzutsa pomwepo pagombe, pakati pa mabwato. Che Amidu anavula kofia, anagwada movutikira, n'kukwawira mkati. Tinamva akudzitambasula, kenako mawu anatuluka: "Wallahi, muno mulibe udzudzu! Jeneza lanji lotchinga udzudzu? Akazi anga auzeni ndasamuka!" Gombe lonse linaphulika ndi phwete. Atatuluka anapinda mkono wa mkanjo n'kundipatsa, ndipo nditawabaya anaitana kamdzukulu kaja, n'kukagwira pamiyendo pawo. Kanalira pang'ono, kenako kanapempha kulowa m'katenti. Basi, mzere unayamba pamenepo. Ndinabaya mpaka zala zinachita dzanzi, ndikuseka ndekha ngati wamisala, ndipo tcheyamani anaima pambali akulongosola mzere ngati nzeru yonse inali yake. Ndinamusiya, ndipo mu lipoti ndinamuyamikira monga ndinalonjezera. Mbiri inanditsogoleradi midzi yotsala, koma inali mbiri ya dokotala wogona m'khoka.

Okutobala, pa boma

Ndinabwerera mitambo itayamba kusonkhana, timabotolo tonse tili mbee, nsapato zitang'ambika, mtima uli m'mwamba. Koma nditayala katenti pabwalo la ofesi, mpango wa a Kaponda unatuluka. Anapukuta magalasi nthawi yaitali kuposa kale lonse. "Ichi n'chiyani?" Ndinafotokoza zonse, osabisa kanthu. Che Bwanali anali chiimire pakhomo la nyumba ya katundu, ndipo nditafika pa jeneza anangoti, "Ndinafuna kunena, bwana, koma mnyamatayu anali akuvina." A Kaponda anafunsa ngati pali mudzi umene ndinaudumpha. Ndinati palibe. Anavala magalasi. "Ntchito wagwira, Barnaba. Koma ndinakuuza kuti ibwere monga yapitira, ndipo ine ndikapanda kulemba, adzalemba wina za ine." Anandilembera kalata ya chenjezo, ndipo kukhazikika kwanga pantchito kunachedwa ndi chaka chathunthu. Anzanga amene tinalowa limodzi anandipitirira, ndipo ukwati wanga ndi mayi anu unadikira chaka chomwecho. Zinandiwawa, ndisakunamizeni. Ndinalira kuseri kwa galimoto ya nkhuku ija. Koma ulendo wotsatira utakwana, a Kaponda anangoti, "Tenga chofiira chakocho, palibenso wina angachifune."

Chaka chotsatira, mvula itatha

Dzinja limenelo nthomba inaolokadi malire. Tinkamva za midzi ya kumapiri, kumene anthu oyenda ndi malonda a nsomba anaibweretsa, ndipo ine pa boma tulo sindinkationa bwino, poti mitsinje inali yodzaza ndipo kuchokera kugombe kuja sikunkabwera uthenga. Njira itangouma ndinamanga katenti kanga n'kunyamuka, ndipo ulendo wa masiku asanu ndinauyenda masiku atatu. Nditatulukira pagombe paja ana anandithamangira akukuwa, "Adokotala a khoka! Adokotala a khoka!" aliyense akundionetsa chipsera pamkono. Che Amidu anali pamalo pawo pomwe paja, pafupi ndi mgolo. Ndinafunsa za nthomba ndisanamalize n'komwe moni. Anatenga ndodo yawo n'kunena kuti, "Tiyeni."

Ananditengera kuseri kwa mzikiti. Pamenepo, chotsamira khoma, panali jeneza lenileni la mudziwo. "Yandikirani, koma pang'onopang'ono," anatero. Ndinayandikira. Pa chogwirira chake panali chisa cha mavu chachikulu ngati chibakera, ndipo udzu unali utamera n'kupyola m'mipata yake. "Nthomba inafika mpaka kutsidya kwa mtsinje uwo," anatero Che Amidu. "Kuno chinthu ichi sichinasunthe dzinja lonse. Onani, mavu amangapo." Ndinaima pamenepo, mwamuna wamkulu wa khaki, misozi ikutsika, ndikuseka nthawi yomweyo.

Ndinagwira ntchito zaka makumi atatu, ndipo kalata ya chenjezo ndinalandira imodzi yokha. Ili m'sutikesi yakuda ija, pansi pa bedi, ndinaikulunga m'chidutswa cha nsalu yofiirira chimene chinatsala katenti katatha. Tsiku limene mudzatsegule sutikesiyo ine kulibe, mudzawerenga kuti bambo anu anaononga katundu wa boma mwadala. Musadzachite manyazi, ana anga. N'zoona, ndinaononga, ndipo moto ndinapempha ndekha kuti ausonkheze.